A Wotchi ku Ofesi ya Mlangizi

Pa depoti ya mabasi panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Madalaivala, makondakitala ngakhale mayi wosesa pabwalo, onse ankangoti a Wotchi. Ntchito yawo inali yokonza ndandanda ya maulendo: basi iti inyamuke nthawi yanji, aiyendetse ndani, ikatembenukire kuti. Anali ataigwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo dalaivala akachedwa mphindi zitatu iwo sankakalipa ayi. Ankangokweza mkono, kuyang'ana wotchi yawo, kenaka n'kumuyang'ana munthuyo. Madalaivala ankati bola akanamangotukwana.

Lolemba lina m'mawa, ali mkati mogawa makiyi, mchemwali wawo anaimba foni.

"Achimwene, mwana wanu uja sakudya kuno chibwerere Lachisanu. Akuti kuyunivesite amuuza kuti samaliza chaka chino."

"Samaliza bwanji? Si uja wakhoza zaka zitatu zonse osabwerezapo?"

"Ndiye mufunse ine? Akuti kuli mlangizi wina kumeneko, ndi amene wamutsekera njira. Mawa akufunika akaonanenso naye, koma iye akukanirira mpaka misozi."

"Muuze asambe m'maso. Mawa tipitira limodzi."

Mwana ankanenedwayo anali mtsikana wa mchemwali wawoyo, woyamba kuponda kuyunivesite pamtundu pawo ponse. Ankaphunzira sayansi ya zachilengedwe ndipo anali akuyamba chaka chachinayi, chomaliza. Kunyumba ankamutcha Profesa, chifukwa ali ndi zaka zisanu ankaimitsa akuluakulu pakati pa nyimbo n'kuwauza kuti alakwitsa mawu. Bambo ake ankagwira ntchito kutali, choncho nkhani zolemera zonse zinkathera m'manja mwa amalume ake. Ndipo a Wotchi ankamukonda mwanayu mosabisa. Wokhudza Profesa anali atawakhudza m'diso.

Anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, mawu amene abwana awo anali asanawamvepo pakamwa pawo, n'kusiyira wachiwiri wawo malangizo a masamba atatu. M'mawa mwake anavala jekete lawo la pa maukwati, anapukuta nsapato mpaka kuwala, n'kukamutenga Profesa. M'basi monse ankayeserera mumtima zokanena. Anali atazigawa bwinobwino: choyamba, chachiwiri, chachitatu, ndi mawu otsekera amphamvu. Profesa anakhala pafupi ndi zenera, akukanda chikuto cha faelo yake ndi chikhadabo.

"Amalume," anatero atatsala pang'ono kutsika, "mwina mukhoza kungondidikira panja."

"Panja ndikadikire chiyani? Ndavala jekete ili kuti ndikaonetse mitengo?"

Inali sabata yolembetsa makosi, ndipo m'makonde a yunivesite munali piringupiringu. Ophunzira ena anali atakhala pamasitepe mapepala ali pamaondo, ena akukankhana pa bolodi la zidziwitso, ena akujambula ndandanda ndi mafoni. A Wotchi anali asanalowepo m'malo otere. Anadzimva kuchepa pang'ono, koma anakoka jekete n'kukweza chifuwa. Ofesi ya mlangizi inali m'chipinda cham'mwamba, kumapeto kwa khonde. Pachitseko panali pepala la mayina ndi nthawi, aliyense theka la ola, ndipo Profesa anamulemba hafu naini. A Wotchi anayang'ana pamkono n'kumwetulira chamumtima. Ankadziwa kuti anthu a m'maofesi sasunga nthawi, ndipo imeneyi ikanakhala mfundo yachinayi.

Hafu naini itangokwana ndendende, chitseko chinatseguka. Mnyamata wina anatuluka akupsompsona fomu yake. Mfundo yachinayi inafera pomwepo.

Mkatimo munali tebulo lalikulu, mipando itatu, kompyuta ndi mashelefu odzaza mafaelo. Khoma lina lonse linali litamatidwa ndandanda ya makalasi. Pazenera panali kamtsikana kafupi, ka nsapato zothamangira, kakuthirira duwa ndi madzi a m'kapu.

"Zikomo achemwali," anatero a Wotchi. "Tatiitanirani a mlangizi. Muwauze kuti kwabwera kholo."

"Mwawapeza, bambo. Ndine ndemwe. Khalani pansi."

Profesa anaphimba nkhope ndi faelo. A Wotchi anatsokomola kawiri, n'kukhala. Koma munthu wavala jekete sabwerera ndi mawu m'mimba, choncho anayambapo. Choyamba, mwanayu sanalepherepo mayeso chibadwire. Chachiwiri, banja lonse lakhala likuwerenga miyezi. Chachitatu, si bwino munthu wapampando kumatsekera ana a anzake njira popanda chifukwa. Mlangizi uja anamvetsera zonse atagwira kapu yake, osawadula. Atamaliza anatembenukira kwa Profesa.

"Zimene zili m'kompyutamu ndi zako, si za banja. Ukundilola kuti ndiwaonetse amalume?"

Profesa anagwedeza mutu movomera, maso ali pansi.

Mlangiziyo anatembenuza kompyuta n'kuloza ndi pensulo. Mzere uliwonse unali kosi, ndipo pafupifupi yonse inali yobiriwira, kusonyeza kuti anakhoza. Umodzi wokha unali wofiira.

"Mwana wanu ndi wanzeru, bambo, zimenezo sitikutsutsana. Koma kuti munthu ayambe pulojekiti yomaliza semesita yachiwiri, ayenera kukhala atakhoza kosi iyi. Ndi masamu a kafukufuku, timati sitatisitikisi. Ndi kosi ya chaka chachiwiri. Iyeyu anailembetsa, anakalowa masiku awiri, n'kuisiya. Chaka chatha ndinamulembera imelo katatu kuti abwere tikonze. Yachitatu ndinaikapo mpaka kankhope kolira. Kuli zii."

A Wotchi anatembenuka pang'onopang'ono pampando.

"Profesa, zoona zimenezi?"

"Ndinkaopa, amalume," mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Tsiku loyamba aphunzitsi anadzaza bolodi lonse ndi zizindikiro, ngati nyerere zagwera mu inki n'kumayenda. Anzanga akulemba, ine osaona mutu kapena mchira. Ndinati ndidzatenga chaka chamawa. Chaka chamawa chitafika ndinatinso chamawa."

"Nanga makalata a mayiwa?"

"Ndinkawaona. Ndinkangotsinzina n'kuwadutsa."

Jekete linayamba kuwatentha a Wotchi. Mawu otsekera amphamvu aja, amene anali asanawanene n'komwe, anasungunuka ngati mchere m'madzi. Anapukuta chipumi ndi mpango.

"Mayi, pepani. Ndalumpha ndisanaone pogwera. Mundikhululukire."

"Musadandaule, bambo. Sabata ino ndinu wachinayi, ndipo inu ndiye waulemu. Dzulo kunabwera azakhali a wina atavuliratu ndolo pakhonde." Anaseka, a Wotchi nawo anaseka, ngakhale Profesa anamwetulira kuseri kwa faelo. "Komanso ine sindinanene kuti samaliza. Lachisanu ndinati, 'Sumaliza chaka chino tikapanda kukonza zinthu ziwiri zitatu.' Iye anangomva mawu atatu oyambawo, ndikamadzutsa mutu ndinangoona chitseko chikugwedera."

"Zengerezu uyu," anatero a Wotchi, koma mtima unali utatsika. "Ndiye tikonza bwanji?"

Mlangiziyo anasuntha kapu ndi mafaelo, n'kuyala patebulo chipepala chachikulu chojambulidwa mabokosi, masiku asanu m'mbali, maola m'mwamba. M'dirowa anatulutsamo timakhadi tamitundumitundu, n'kulemba dzina la kosi pa kalikonse. Anayala tisanu, makosi amene Profesa ankayenera kutenga semesita imeneyo, kalikonse pa tsiku ndi ola lake. Kachisanu ndi chimodzi, kofiira, anakagwira m'manja.

"Vuto ndi ili. Sitatisitikisi imaphunzitsidwa semesita ino yokha, Lachiwiri ndi Lachinayi teni koloko. Koma Lachiwiri kuyambira naini mpaka thwelofu iyeyu amakhala ali mu labu, kosi ya sayansi ya madzi. Munthu mmodzi sangakhale m'zipinda ziwiri."

A Wotchi anakokera mpando pafupi. Maso awo anayamba kuwala. Anavula jekete lija n'kulikoleka kumbuyo kwa mpando, kenaka anapinda manja a malaya.

"Mayi, izitu ndi ntchito yanga izi. Ndimapanga zomwezi tsiku lililonse, kungoti zanga zili ndi matayala. Tiyambe apa: bwanji angotenga zonse zisanu ndi chimodzi? Mwanayu ndi wolimba."

"Lamulo limati zisanu. Yachisanu ndi chimodzi timaloleza mwa apo ndi apo, koma osati kwa munthu amene akukakumana ndi kosi imene wakhala akuithawa zaka ziwiri. Kuntchito kwanu basi ya anthu makumi asanu ndi limodzi mumaikweza makumi asanu ndi awiri?"

"Ayi! Masipuling'i angathyoke."

"Ndiye imodzi mwa zisanuzi isamukire semesita yachiwiri. Kumeneko kuli malo a kosi imodzi."

"Zosavuta," anatero a Wotchi. "Imene ikutchinga ndiyo ichoke." Anatambasula dzanja n'kunyamula kakhadi ka sayansi ya madzi.

"Ayi!"

Mawuwo anamveka mpaka pakhonde. Onse awiri anadzidzimuka. Profesa anali ataimirira theka, dzanja lake litagwira mkono wa amalume ake, pa wotchi penipeni.

"Imeneyo ayi, amalume. Chotsani ina iliyonse."

Mlangiziyo anaika pensulo pansi n'kutsamira pampando.

"Eya, tsopano wayamba kulankhula. Tatiuza, chifukwa chiyani imeneyo ayi?"

Profesa anakhala pansi. Poyamba mawu ankatuluka modukaduka, koma posakhalitsa anayamba kuthamanga. Anati pa tchuthi chapitacho, masiku amene amayi ake ankaganiza kuti ali kulaibulale, iye ankapita kumalo oyeretsera madzi a mumzinda. Kumeneko mayi wina woyeza madzi anamulola kuti azionerera, kenaka anayamba kumupatsa timabotolo kuti azilemba manambala. Anaona ndi maso ake madzi oyera mbee akusintha mtundu atawadonthezera mankhwala, kusonyeza kuti si abwino kumwa. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake unakhala komweko. Pulojekiti yake ankafuna ikhale yoyeza madzi a m'matanki a sukulu za pulaimale, chifukwa ana amangomwa osadziwa, ndipo matanki ena sanatsukidwepo chiwaikire.

A Wotchi anangoti kukamwa yasa. Kunyumba aliyense ankadziwa kuti Profesa adzakhala mphunzitsi. Zinali zodziwikiratu ngati kuti Lolemba likatha kumabwera Lachiwiri.

"Nanga zonsezi osanena bwanji?"

"Munandifunsapo, amalume? Inu mumangofunsa kuti ndakhoza bwanji."

Anafuna kutsutsa, koma atafufuza m'mutu sanapeze tsiku ngakhale limodzi limene anamufunsa mwanayu chimene akufuna. Anabwezera kakhadi kaja pamalo pake mosamala, n'kukawongola ndi chala.

"Funso limeneli ndi limene ndinkafuna kukufunsa chaka chatha," anatero mlangizi. "Tsono tamvera. Ukakayeza matanki makumi atatu udzabwera ndi manambala odzaza kope. Adzakuuze ndani ngati vuto lili m'matanki onse kapena unangotunga molakwika kawiri? Ndi nyerere zako zija. Sitatisitikisi si chilango ayi, ndi chida cha ntchito imene wasankha wekha."

Profesa anakayang'ana kakhadi kofiira kaja nthawi yaitali, ngati munthu amene wauzidwa kuti galu amene wakhala akumuthawa ndi wa kwawo komwe.

Anagwirizana kuti isamuke ndi kosi ya sayansi ya nthaka, popeza imeneyo inkaphunzitsidwa masemesita onse awiri. Mlangizi anachotsa kakhadi kake pa Lachitatu masana n'kukaika pambali. Makosi anabwerera pa asanu, koma Lachiwiri teni koloko timakhadi tiwiri tinali tikadasanjikizana. Mlangizi anati mwina alembere kalata mphunzitsi wa sitatisitikisi kuti Profesa azijomba Lachiwiri n'kumabwereka manotsi, koma iye mwini sanaikonde njira imeneyo. Munthu woopa kosi sangayambe n'kujomba theka lake.

A Wotchi anali atanyamuka. Anaima pa ndandanda ya pakhoma ija, magalasi ali pamphuno, chala chikutsetsereka mzere ndi mzere.

"Mayi, apa pansi palembedwa timalemba ting'onoting'ono. 'Labu ya madzi, Gulu B.' Ndiye kuti labuyi imachitika kawiri?"

"Inde, Gulu B limalowa Lachitatu masana. Koma nthawi imeneyo iyeyu amakhala ali ku sayansi ya ntha..." Mlangizi anaima pakati pa mawu. Anayang'ana patebulo, pa bokosi la Lachitatu masana limene iye mwini anali atangolisiya lopanda kanthu. Anamenya tebulo ndi chikhatho n'kuphulika kuseka. "Bambo inu! Ndakhala ndikuyang'ana pepala limeneli kuyambira Lachisanu!"

"Mutu umodzi susenza denga, mayi," anatero a Wotchi modzichepetsa, koma makutu awo ankachita kuoneka kuti akusangalala. Anatenga kakhadi ka labu n'kukatsetsereza kuchoka pa Lachiwiri kukafika pa Lachitatu. Mabokosi onse anakhala bwinobwino, lililonse ndi kakhadi kamodzi.

"Chatsala chimodzi," anatero mlangizi akuyang'ana m'kompyuta. "Gulu B ladzaza. Mipando ndi makumi awiri ndi inayi, ndipo mkulu wa labu sawonjezera ngakhale utagwada. Pokhapokha wina atasinthana naye."

"Amapezeka," anatero a Wotchi. "Pagulu lililonse pamakhala munthu mmodzi amene amadana ndi tsiku limene anamupatsa. Zaka zonsezi sindinamusowepo."

Mlangizi analemba kakalata kopita kwa mkulu wa labu. Asanamupatse Profesa anakagwira kaye m'mwamba.

"Pali zinthu zitatu. Lachisanu lililonse m'mawa kuli kalasi yothandizira amene masamuwa akuwavuta, uzikakhala kutsogolo. Sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu uzibwera kuno tione mmene zikuyendera, zikome zisakome. Ndipo ndikakulembera, uziyankha."

"Ndiziyankha, madamu."

"Ndipo makope a makalatawo muzinditumizira ine," anatero a Wotchi.

"Ayi, bambo. Digiriyi ndi yake. Akafuna kukuuzani adzakuuzani yekha. Inu muzingomufunsa mafunso abwino."

A Wotchi anagwedeza mutu movomera. Anamugwira chanza mlangiziyo ndi manja awiri, ndipo potuluka anaiwala jekete pampando mpaka Profesa anachita kubwerera kukalitenga.

Labu inali pansi, kuseri kwa nyumbayo, ndipo inkanunkha mankhwala otsukira. Mkulu wa labu anali chimunthu chachitali cha gawuni loyera ndi nsidze zokumana. Anawerenga kakalata kaja atakatalikitsa, n'kupukusa mutu.

"Malo kulibe. Mipando sibereka."

"Tamva, akulu," anatero a Wotchi mofatsa. "Koma mwa ana anu a Lachitatuwo, palibe amene wakhala akukuvutitsani kuti mumusinthe?"

Nsidze zija zinakwera.

"Mwadziwa bwanji? Alipo goloboyi wa timu ya mpira ya pano. Amachita masewera olimbitsa thupi Lachitatu masana. Wabwera kuno kanayi, dzulo anafuna kundinyamulira chikwama."

Anamuimbira foni, ndipo pasanathe mphindi khumi goloboyi uja anatulukira akuthamanga, wamtali ngati mlongoti, thukuta lili kamukamu. Atamva nkhaniyo anafunsa kawiri ngati sakumunamiza. Anasaina fomu mothamanga mpaka cholembera chinaboola pepala, anamugwira chanza Profesa, anawakumbatira a Wotchi amene sankawadziwa n'komwe, ndipo akanamukumbatiranso mkulu wa labu akanapanda kutchingidwa ndi faelo. Chidindo chinagwa pafomu, phaa!

Pobwerera m'basi a Wotchi ndiwo ankamvetsera, Profesa akulongosola za matanki, za tizilombo tosaoneka ndi maso, za mayi woyeza madzi uja. Iwo ankangoti, "Eya? Ndiye kenaka?" Anapitirira siteji yawo osazindikira, n'kuchita kubwerera wapansi.

Semesita sinali yophweka. Mayeso oyamba a sitatisitikisi Profesa anagwa nawo chagada, ndipo analira. Koma ulendo uno sanathawe. M'mawa mwake anakagogoda yekha kwa mlangizi, asanaitanidwe, ndipo mlangiziyo anamupezera mnzake wa chaka chachitatu woti aziwerengera limodzi. Loweruka lina anabwera kudepoti n'kupempha amalume ake kope lakale lolembamo nthawi zofikira mabasi, kuti aziyeserera masamu ake pa manambala enieni. Patatha sabata anawauza kuti basi ya njira yakumpoto imachedwa kwambiri Lachisanu kuposa masiku ena onse, ndipo si mwangozi. A Wotchi ankazidziwa kale zimenezo m'mafupa mwawo, koma anachita ngati akuzimva koyamba.

Zotsatira zinatuluka tsiku lina masana, depoti itadzaza anthu. A Wotchi anali m'kachipinda kawo kagalasi, atangoyatsa chimkuzamawu kuti alengeze basi yonyamuka, pamene foni inayamba kunjenjemera patebulo. Ataona kuti ndi Profesa anaiyankha ndi dzanja linalo.

"Amalume! Fifite eyiti! Ndakhoza!"

"Wakhoza? Mwana wa mchemwali wanga, wakhoza? Sitati... sitatisi... masamu aja wakhoza?"

Mawu awo anamveka depoti yonse, kuchokera pa geti mpaka kumagalaja. Anthu amene anali pamizere anaima n'kuyang'ana m'mwamba. Mayi wina wonyamula mwana kumsana anayamba kuomba m'manja, ena anatsatira, ndipo dalaivala wina anakuwa kuti, "Wakhoza ndani, a Wotchi?" Iwo atazindikira chimene chachitika anayang'ana chimkuzamawu chija, anayang'ana khamu la anthu kuseri kwa galasi, n'kuona kuti madzi atayika kale. Anayandikitsa pakamwa.

"Profesa wakhoza. Amaliza chaka chino. Komanso basi ya nambala seveni ikunyamuka pa geti lachiwiri."

Pafoni Profesa ankaseka mpaka kutsamwa.

"Amalume, mwandilengeza kudepoti?"

"Zangochitika, mwanawe."

"Chabwino. Ndiye poti mwasangalala, Loweruka likubwerali mukupuma? Ndikuyamba kutunga madzi m'masukulu asanu ndi atatu, ndipo ndikufuna wondinyamulira bokosi la mabotolo."

"Tinyamuke nthawi yanji?"

"Seveni koloko."

"Hafu sikisi," anatero a Wotchi, akufunafuna cholembera. "Ndipo unditumizire mayina a masukuluwo lero lomwe, ndione poyambira."